Mame a Drosera akuoneka ngati ufa pa chithunzi: kodi ndigule foni ina?

Funso lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Cape Town. Iwo alemba kuti: "Miyezi itatu yapitayo ndinagula tizomera tiwiri todya tizilombo. Kena kali ndi masamba aatali okhala ndi titsitsi tofiira ndi timadontho tonga mame, pa kachikalata analemba kuti Drosera capensis. Kena ndi kaja kotseka kukamwa ntchentche ikalowa, Venus flytrap. Ndi maso n'tokongola zedi, koma ndikajambula kuti nditumizire abale kumudzi, chithunzi chimatuluka chachimbuuzi, mame aja amangooneka ngati ufa, ndipo ndikati ndichikonze, kufiira kwake kumachita kupsa. Foni yanga ili ndi kamera ya macro. Kodi ndigule foni ina?"

Mayi, ndalama ya foniyo isungeni kaye. Zimene mwafotokozazi zimachitikira ngakhale anthu okhala ndi mafoni odula, chifukwa vuto lagona pa mbali imene kuwala kukuchokera ndi pa mtunda umene mwaima, ndipo zonsezi mungazisinthe mawa m'mawa osalipira kanthu.

Tiyambe ndi mamewo, poti ndi amene akukusowetsani mtendere. Dzina lakuti Drosera linachokera ku mawu achigiriki otanthauza mame, koma timadontho timeneti ndi ulimbo. Pansonga pa katsitsi kalikonse pali kamutu kotulutsa madzi onanda, ndipo kachilombo kakaterapo kamakakamira monga mmene timba amakakamirira pa ulimbo umene anyamata amatchera pafupi ndi chitsime. Kwa ife ojambula, chofunika n'chakuti kadontho kalikonse ndi kagalasi kobulungira. Dzuwa likakhala kumbuyo kwanu, kapena mukayatsa flash, kadonthoko kamangobweza kuwalako kumaso kwa kamera, ndipo kamera imalemba kadontho koyera mbee kopanda china chilichonse m'kati mwake. Ufa mukunenawo ndi umenewo. Koma kuwala kukachokera kuseri kwa chomera, kumadutsa m'kati mwa kadontho n'kutulukira mbali imene muli inu, ndipo kadontho kamayaka ngati mkanda, kufiira kwa kamutu kaja kukuonekera m'kati.

Tonsefe tinaphunzitsidwa kuti pojambula munthu dzuwa lizikhala kumsana kwa wojambula. Pa Drosera lamulo limenelo litembenuzeni. Ikani mphika wake pazenera pamene dzuwa la m'mawa limafika lisanakwere, chomera chikhale pakati pa inu ndi dzuwa. Kenaka sunthirani pang'ono kumanja kapena kumanzere, kuti dzuwa lisalowe mwachindunji m'galasi la kamera; likalowa, chithunzi chonse chimachita ngati chakutidwa ndi nkhungu. Ngati likulowabe, tchingani pamwamba pa foni ndi chikhatho monga muchitira poyang'ana munthu wobwera patali masana. Musadine msanga. Zungulirani mphikawo pang'onopang'ono mukuyang'ana pa sikirini, ndipo mudzafika penapake pamene timadontho tonse tidzayaka nthawi imodzi. Malo ake ndi aang'ono: mukasuntha ndi masentimita awiri okha, tazima.

Kuseri kwa tsamba kukhale mdima. Sizifuna zipangizo: mthunzi wa khoma, chitseko chakuda, kapena nsalu yakuda yoyalidwa theka la mita kuseri kwa mphika, m'munsi mwa njira imene dzuwa likudzera kuti isalitchinge. Ikakhala pafupi kwambiri, ulusi wake umaoneka ndipo umapikisana ndi titsitsi. Tsopano apa foni idzayesa kukuthandizani molakwika. Ikaona mdima wambiri imaganiza kuti chithunzi chada, n'kuwonjezera kuwala, mame aja n'kupsa. Gwirani chala pa tsambalo pa sikirini kwa sekondi imodzi kapena awiri mpaka focus, kutanthauza malo amene kamera ikuwaona mwakuthwa, itatsekeka, kenaka tsitsani kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatulukira pambalipo. Tsitsani mpaka mutayamba kukayika kuti mwadetsa kwambiri. Chithunzi chakuda pang'ono chimakonzeka pambuyo pake, koma malo amene apsa n'kuyera mbee palibe pulogalamu imene ingawabwezeretse, chifukwa kamera sinasunge kanthu pamenepo. Ngati mbali ya tsamba yoyang'ana inu yada kwambiri, imikani pepala loyera pafupi ndi foni kuti libweze kuwala pang'ono.

Tsopano za kamera ya macro, ija yojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi kwambiri. Sindikudziwa mtundu wa foni yanu, choncho yang'anani nokha pa zolemba zake. Mafoni ambiri a mtengo wapakatikati ali ndi kamera ya macro ya 2 MP (ma megapixel, muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), imene imaona bwino pa mtunda umodzi wokha, pafupifupi masentimita 4, ndipo sitha kusintha focus. Sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ndi yaing'ono kwambiri, ndiye m'nyumba imatulutsa chithunzi cha mchenga ndi mitundu yofwifwa. Ngati yanu ndi yotere, isiyeni. Gwiritsani ntchito kamera yaikulu, muime pa mtunda umene imatha kuona bwino, umene pa mafoni ambiri ndi masentimita 10 mpaka 15, kenaka dinani 2x. N'zoona kuti 2x pa foni yopanda galasi lokokera patali ndi kungodula chithunzi, koma werengani nokha: chithunzi cha 12 MP chikadulidwa motero chimatsala ndi 3 MP, kuposabe kamacro kaja, ndipo chachokera pa sensa yabwino. Phindu lina n'lakuti mwaima patali, ndiye mthunzi wa foni sugwera pa tsamba. Kupitirira 3x musapite, chifukwa foni imayamba kupeka zinthu zimene sinazione.

Mafoni ena odula amachita macro ndi kamera yotambalala imene ili ndi focus yakeyake. Pa mafoni a Apple zimenezi zinayamba mu 2021 ndi iPhone 13 Pro, imene imaona bwino mpaka masentimita 2. Imeneyo ndi macro yeniyeni, koma ili ndi khalidwe lotopetsa lolumpha yokha kuchoka pa kamera ina kupita pa ina mukamayandikira, ndipo chithunzi chimene munachikonza bwinobwino chimasokonekera. Pa zosintha za kamera pali njira yoti muzisankha nokha nthawi yolumphira.

Chimbuuzi chimene mukuchidandaula nthawi zambiri chimabwera chifukwa choyandikira mopitirira. Kamera iliyonse ili ndi malire, ndipo mukawadutsa imalephera kugwira tsamba n'kukagwira mphika kapena khoma la kuseri. Bwererani m'mbuyo pang'ono. Komanso dziwani kuti mukamajambula pafupi chonchi, gawo looneka bwino limakhala lopyapyala, mamilimita ochepa chabe, pamene tsamba la Drosera capensis ndi lalitali masentimita angapo ndipo limapindika. Silingaoneke bwino lonse ngati lalunjika kwa inu ngati muvi. Sankhani tsamba limodzi, muimike foni moti msana wake ulingane ndi kutalika kwa tsambalo, ngati mukujambula pepala lolembedwa. Mukatseka focus, musamadinedinenso pa sikirini. Sunthani thupi lanu kutsogolo ndi m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka timadontho tapafupi ndi inu titaoneka takuthwa. Maso a munthu amakhululuka timadontho takuseri tikakhala tachimbuuzi, koma tatsogolo ayi.

Ine pa chomera chimodzi ndimajambula zithunzi 30 kapena 40 n'kusunga ziwiri. Sindichita nazo manyazi. Manja amanjenjemera, mpweya umene mukupuma umagwedeza tsamba, ndipo inu amene muli ku Cape Town mukuidziwa mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ija ya m'chilimwe, yosalekeza ngati mwera wa kunyanja kwathu. Ikamawomba lowetsani mphika m'nyumba, mutseke zenera. Tsamiritsani zigongono pa tebulo, kapena khazikani foni pa mulu wa mabuku, pa kapu, ngakhale pa kathumba ka mpunga, kamene kamalola kuti foni muipendeketse mmene mukufunira. Ikani timer ya masekondi 2 kapena 3 kuti chala chisagwedeze foni podina. Ngati muli ndi mahedifoni a chingwe, batani lake lokwezera mawu limajambula pa mafoni ambiri. Ndipo musanayambe chilichonse, pukutani galasi la kamera. Foni imakhala m'thumba, imagwidwa ndi manja a mafuta, ndipo pojambula moyang'anizana ndi dzuwa kachidindo kamodzi ka chala kamakwanira kuphimba chithunzi chonse ndi utsi.

Ngati mukufunabe kugula kanthu, gulani kagalasi ka macro kopanira pa foni ndi kachipanira. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi foni, ndipo ndi kokhako kamene kangakuonetseni kadontho kamodzi katadzaza theka la sikirini, zenera lanu likuonekera m'kati mwake mozondoka. Vulani chikuto cha foni, mukakhazike pakati penipeni pa kamera yaikulu. M'mphepete mwa chithunzi mumakhala chimbuuzi, choncho chimene mukuchifuna chikhale pakati. Vuto lake n'lakuti muyenera kuyandikira mpaka masentimita awiri kapena atatu, ndipo ine tsiku langa loyamba ndinagunda tsamba, galasi lonse ulimbo okhaokha, titsitsi ta mbali imeneyo titauma kwa masiku angapo. Ulimbowo umachoka ndi kansalu konyowa pang'ono, koma tsamba lija silinajambulikenso sabata imeneyo.

Nkhani ya mame ili ndi mbali ina imene si ya kamera. Drosera yosasangalala situlutsa ulimbo. Ikasowa dzuwa, masamba amabiriwira, titsitsi timafwifwa, timadontho timachepa. Imafuna dzuwa la maola angapo pa tsiku, mphika wokhala m'kambale ka madzi nthawi zonse, ndipo madzi abwino ndi a mvula kapena aja otchedwa distilled water ogula m'botolo. Feteleza musathire ngakhale pang'ono: zomerazi zinazolowera nthaka yosauka ya m'madambo, n'chifukwa chake zinayamba kugwira tizilombo kuti zipezemo nayitirojeni, ndipo feteleza amawotcha mizu yake. Ena amawaza madzi pa masamba asanajambule kuti "mame achuluke". Pa duwa wamba zimatheka, koma pa Drosera madziwo amatsuka ulimbo, ndipo aliyense wodziwa chomerachi adzazindikira, chifukwa timadontho tenitenito timakhala pansonga pa titsitsi pokha, kamodzi pa katsitsi kalikonse, mwadongosolo. Nthawi yabwino ndi m'mawa, usiku wa chinyontho utangotha. Mvula ikachivumba, dikirani tsiku limodzi kapena awiri.

Venus flytrap imafuna zosiyana. Ilibe timadontho, ndipo khungu la msampha wake limanyezimira, ndiye dzuwa lakuthwa limaikapo zigamba zoyera. Ijambuleni kukakhala mitambo, kapena tchingani dzuwa ndi jumbo yoyera kapena pepala lophikira makeke, kuwala kufike kofewa. Tsikani mpaka foni ilingane ndi msampha, muyang'ane m'kati mwake chammbali. Muli titsitsi tating'onoting'ono, kawirikawiri titatu mbali iliyonse, ndipo focus iikeni pamenepo. Ndi timeneti timene timatseketsa msampha: kachilombo kakatigunda kawiri m'kati mwa masekondi pafupifupi 20, msampha umatseka. Chithunzi choonetsa titsitsi timeneti chimaphunzitsa woonayo mmene chomera chimagwirira ntchito, pamene chojambulidwa kuchokera pamwamba chimangoonetsa mano.

Ndikudziwa kuti mudzafuna vidiyo ya msampha ukutseka, ndipo abale kumudzi adzaipempha kuposa chithunzi. Chomera chathanzi pa tsiku lofunda chimatseka m'gawo limodzi la magawo khumi a sekondi kapena kuposerapo pang'ono. Vidiyo wamba ya mafelemu 30 pa sekondi imangogwira mafelemu atatu, pamene slow motion ya 240 imagwira oposa 20, koma imafuna kuwala kochuluka, choncho chitani panja. Chonde musamasewere nacho ndi kachitsotso mobwerezabwereza. Msampha uliwonse umatha kutseka maulendo owerengeka basi, kenaka umafooka n'kuda. Ukatseka popanda kanthu umataya mphamvu pachabe ndipo umatenga pafupifupi tsiku kuti utsegukenso. Konzani zonse kaye, foni yakhazikika, kuwala kuli bwino, ndiye muikemo ntchentche yamoyo. Kuphupha kwake m'katimo ndi kumene kumauza chomera kuti chimate msampha n'kuyamba kugaya, ntchito imene imatenga sabata kapena kupitirira. Nyama yophika, nsomba kapena tchizi ayi, zimawoletsa msampha. M'miyezi ya June ndi July mukaona chikuchita ulesi, misampha yachepa, sichinafe. Kwawo ndi kadera kakang'ono ka North Carolina ndi South Carolina ku America, kozungulira mzinda wa Wilmington, kumene chimagona m'nyengo yozizira.

Drosera yanu nayo ili ndi vidiyo yake, ndipo kwa ine ndi yosangalatsa kuposa ya flytrap. Kaudzudzu kakatera, titsitsi toyandikana nako timayamba kuweramira komweko, kenaka tsamba lonse limadzipinda pang'onopang'ono kukakulunga. Zimatenga mphindi zambiri mpaka maola. Khazikani foni, ilumikizeni ku chaja, yatsani time-lapse, ija yofupikitsa maola kukhala vidiyo yaifupi, inu mupite kukaphika. Wasayansi wa ku England Charles Darwin anathera zaka zambiri akuyang'anitsitsa kuyenda kumeneku pa mtundu wina wa Drosera wa ku Ulaya ndi galasi la m'manja, asanatulutse buku lake la zomera zodya tizilombo mu 1875.

Pa kukonza chithunzi ndilankhula mwachidule, chifukwa mukajambula monga ndafotokozeramu ntchito yotsala ndi yochepa. Pulogalamu yokonzera zithunzi ya Snapseed ndi yaulere ndipo ndi yokwanira. Lightroom ya pafoni nayo ili ndi zambiri zaulere. Yambani ndi kudula: chotsani mphika, kachikalata ka mtengo ndi masamba akufa a m'mbali. Kenaka tsitsani Highlights, kuwala kwa malo owala kwambiri, kuti timadontho tibwerere mawonekedwe ake, mukweze Shadows pang'ono pokha ngati tsamba lada. Kufiira kumene mukuti kumapsa kukuchokera pa Saturation, imene imawonjezera mphamvu ya mitundu. Foni imakhala itawonjezera kale mitundu isanakuonetseni chithunzi, ndipo mtundu wofiira ndi umene umafika msanga pamalire. Mukauwonjezeranso, titsitsi timasanduka chibanthu chimodzi chofiira chopanda mizere. Saturation musaigwire, mwinanso muitsitse pang'ono. Ngati chithunzi chikuoneka chachikasu kapena chabuluu, konzani White Balance mphika uli patsogolo panu, mukuyerekeza ndi maso.

Chenjeraninso ndi Structure ndi Sharpening, zonolera chithunzi. Zimanyengerera, chifukwa pa sikirini yaing'ono chithunzi chimaoneka ngati chakuthwa, koma mukachikuza mudzaona mzere woyera wazungulira kadontho kalikonse ndipo mdima wa kuseri wadzaza mchenga. Mu Snapseed gwiritsani ntchito Selective, muike kadontho pa tsamba lokha, kuseri mukusiye kosalala. Healing ndi yochotsera kafumbi kapena kaulusi ka nsalu. Chithunzi chimene focus inaphonya musalimbane nacho, chifufuteni mutenge china mwa 40 zija. Portrait mode nayo isiyeni: imapeka yokha malire a chinthu, ndipo pa titsitsi topyapyala imasokonezeka n'kudya theka lake. Ngati foni yanu ili ndi Pro mode yotha kusunga RAW, chithunzi chimene foni sinachikonze, yesani tsiku lina. Chithunzi chake chimayamba chooneka chofooka ndipo chimadya malo ambiri, koma chimalola kubweza Highlights kuposa chithunzi wamba, komanso chilibe kunola kumene foni imaikamo yokha.

Potumiza kumudzi, kumbukirani kuti WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi tinthu ting'onoting'ono ngati timadontho timeneti. Sankhani HD, kapena tumizani ngati document. Bandulo ya olandirawo idzalira pang'ono, ndiye musankhe chimodzi chabwino m'malo motumiza khumi.

Muli ndi mwayi umene ojambula a ku Ulaya amaukhumbira, chifukwa Drosera capensis kwawo ndi komweko ku Cape, ndipo abale ake monga Drosera aliciae ndi Drosera trinervia amamera pa phiri la Table Mountain, m'malo a chinyontho m'mbali mwa tinjira, makamaka mvula ya m'nyengo yozizira ikagwa mpaka cha mu September. Ambiri ndi aang'ono ngati ndalama yachitsulo, ofiira, omata pansi, moti munthu amawaponda osadziwa. Kumeneko malamulo salola kuzula chomera, ndipo pogwada muyang'ane kaye pamene bondo likukatera. Mukadzabwera ku tchuthi, kwathunso aliko: Drosera madagascariensis ndi Drosera burkeana zimapezeka m'madambo ndi m'malo otsetsereka madzi a ku Malawi ndi ku Zambia, makamaka kumapiri monga Nyika ndi Mulanje, pamodzi ndi Utricularia, mtundu wina wodya tizilombo, wa timaluwa tachikasu amene misampha yake ili pansi m'matope. Kutchireko mphika sungazunguliridwe, ndiye muzungulira ndinu. Pitani m'mamawa dzuwa lili pansi, muyende moyang'anizana nalo, ndipo tizomerato tidzadziulula tokha ponyezimira mu udzu. Mutenge jumbo yogwadira ndi pepala loyera lija, ndipo foni muigwire mozondotsa, kamera ikhale m'munsi, kuti ifike pafupi ndi nthaka popanda inu kugona m'matope.